"Chepetsani nsima" si uphungu

M'dziko muno mayi akanenepa amamva mawu a mitundu iwiri. Kumudzi ndi kutchalitchi amamuyamikira: "Koma ndiye mwasintha, bambo akukusamalanitu." Kuchipatala, akapita ndi mawondo ophwanya kapena BP itakwera, amamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi n'kumuponyera mawu awiri: "Chepetsani nsima." Onsewa sakumuthandiza. Woyamba akumubisira matenda, wachiwiri akumupatsa mlandu pamene iye wabwerera chithandizo. Mkangano wanga lero uli ndi wachiwiriyu, poti ndiye amalandira malipiro kuti aphunzitse anthu.

Tiyambe ndi kukula kwa nkhaniyi, pakuti alipo amene amaganizabe kuti kunenepa ndi vuto la ku America. Kafukufuku wa zaumoyo amene ofesi ya National Statistical Office inachita mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 ali ndi thupi lopitirira muyeso. Mu 1992 anali 10 okha. M'tauni chiwerengerocho chinali 36, kumudzi 18. Bungwe la MEIRU linayeza akuluakulu pafupifupi 29,000 ku Karonga ndi ku Area 25 mu Lilongwe, ndipo zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 2018, zinali zowawa kuposa apo: amayi 44 mwa 100 m'tauni ndi 27 kumudzi. Abambo anali 18 ndi 9. Vutoli ndi la amayi kwambiri, ndipo silinathere m'mipanda ya anthu olemera. Kafukufuku wa boma yemwe uja anapezanso kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Si zachilendo kuona mayi wonenepa atabereka kumbuyo mwana wopinimbira, onse akudya mumphika umodzi. Ameneyo mukamuuza kuti achepetse nsima mwathetsa chiyani?

Chimene ambiri sitinauzidwe n'chakuti mafuta a m'thupi sangokhala phee ngati katundu. Amagwira ntchito, ndipo akachuluka ntchito yake imakhala yoipa. Munthu ukadzitema ndi chikwanje, pabalapo pamatupa, pamatentha, pamafiira. Kumeneko ndi kutupa kwabwino: asilikali a m'thupi athamangirapo kukapha tizilombo ndi kutseka bala, ndipo akamaliza amabwerera. Koma pali kutupa kwina kosaoneka ndi maso, kosapweteka, kosatha. Kuli ngati moto wa pamulu wa utuchi: sulilima, utsi wake ndi wochepa, koma pansi ukunyeka usana ndi usiku. Mu 1993 wasayansi Gökhan Hotamisligil ndi anzake ku Boston anaonetsa kuti mafuta a mbewa zonenepa amatulutsa TNF-alpha, chimodzi mwa zinthu zoyambitsa kutupa, ndi kuti chimenechi chimalepheretsa insulin kugwira bwino ntchito yake. Patapita zaka khumi, mu 2003, ofufuza ena anapeza kuti asilikali a m'thupi otchedwa macrophage amadzazana m'mafuta a munthu wonenepa ngati kuti muli bala. Mafutawo amatulutsanso IL-6, imene imauza chiwindi kupanga CRP, chizindikiro chimene madokotala amayeza m'magazi akafuna kudziwa ngati thupi likutupa mkati.

Zotsatira zake timazidziwa ndi mayina ena. Insulin ikafooka, shuga amakwera. Mitsempha ya magazi ikamakwiyitsidwa chaka ndi chaka imauma, BP imakwera, kenako tikumva kuti mayi uje wagwa kubafa, mbali imodzi yafa. Kwa mayi woyembekezera, kunenepa kwambiri kumawonjezera chiopsezo cha shuga wa pamimba ndi BP yoopsa ija imene imafika pokomola. Bungwe loona za khansa la WHO linanena mu 2016 kuti kunenepa kukukhudzana ndi mitundu 13 ya khansa, kuphatikizapo ya m'kati mwa chiberekero ndi ya m'mawere kwa amayi amene anasiya kusamba. Ndipo mafuta oopsa kwambiri si a m'mbuyo kapena a m'ntchafu, amene anthu amakonda kuwaseka kapena kuwasirira. Ndi a pamimba, ozinga chiwindi ndi matumbo. N'chifukwa chake tepi ya telala imanena zambiri kuposa sikelo: chiuno cha mayi chikapitirira masentimita 80 chiopsezo chayamba, chikapitirira 88 chakula.

Tsono apa ndi pamene uphungu wa mawu awiri uja umagwera m'dzenje. Kutupa kwa mkatiku sikutsata kuchuluka kwa chakudya kokha, kumatsatanso mtundu wake. Mayi wauzidwa kuti achepetse nsima, ndipo poti ndi womvera, masana sadya. Njala ikamuwawa cha m'ma 3 koloko amagula mandasi awiri ndi botolo la chakumwa chozizira, madzulo tiyi wa masipuni anayi a shuga ndi buledi wopaka majarini. M'mtima mwake akuti akutsatira malangizo a adokotala. Zoona zake n'zakuti wasiya nsima ya ndiwo zamasamba n'kulowa m'chakudya choipa kuposa chimene wathawa. Botolo limodzi la chakumwa chotsekemera limatha kukhala ndi shuga wokwana masipuni ang'onoang'ono asanu ndi atatu kapena kuposa, pamene WHO inalangiza mu 2015 kuti munthu wamkulu asapitirire pafupifupi 12 patsiku lonse, ndipo zingakhale bwino kwambiri atalekezera pa 6. Ndani anamuuzapo mayi ameneyu chiwerengero chimenechi? Palibe. Anangomuuza za nsima.

Thupi lalikulu silitanthauza kuti munthu akudya bwino. Mu kafukufuku wa 2015 ndi 2016 uja, mayi mmodzi mwa atatu alionse anali woperewera magazi, ndipo kafukufuku wina wa nthawi yomweyo anapeza kuti amayi pafupifupi 6 mwa 10 alibe zinc wokwanira m'thupi. Kutupa kwa mkati kumaipitsanso zinthu, chifukwa kumachititsa chiwindi kutulutsa hepcidin, imene imatsekereza ayironi kuti asalowe bwino kuchokera m'matumbo. Choncho mayi atha kulemera makilogalamu 95 n'kukhala woperewera magazi, wotopa, wa chizungulire. Ife timangoti ndi ulesi.

Kodi kuphunzitsa kumathandiza? Kumathandiza, koma osati kuphunzitsa kulikonse. Ku Naples, m'dziko la Italy, dokotala Katherine Esposito ndi anzake anatenga amayi 120 onenepa kwambiri, osafika msinkhu wosiya kusamba, n'kuwagawa pawiri. Gulu lina analiuza zinthu zodziwika kale zija: idyani bwino, muzichita masewera olimbitsa thupi. Gulu linalo analipatsa malangizo atsatanetsatane a kadyedwe ka masamba, nyemba, zipatso, nsomba ndi ufa wosapuntha, ndipo ankakumana nalo kawirikawiri kwa zaka ziwiri zathunthu. Zotsatira zinatuluka mu 2003: amayi a gulu lachiwirili anatsika thupi kwambiri, ndipo CRP ndi IL-6 zinatsika m'magazi awo kuposa anzawo aja. Onani bwino pamenepa. Magulu onse awiri "anaphunzitsidwa". Kusiyana kwake kunali kwakuti ena anangouzidwa, ena anaperekezedwa. Ku America, kafukufuku wa Diabetes Prevention Program anaonetsanso mu 2002 kuti anthu amene anali pafupi kudwala shuga, atathandizidwa kusintha kadyedwe, kuyenda mphindi 150 pasabata ndi kutsitsa thupi pang'ono chabe, anachepetsa chiopsezo chawo ndi 58 peresenti, kuposa amene anapatsidwa mankhwala a metformin. Cholinga chawo sichinali kuti munthu aonde ngati mtsikana wa pa TV. Chinali 7 peresenti ya kulemera kwake, kutanthauza makilogalamu 6 kapena 7 kwa mayi wa makilogalamu 90.

Ife tili m'gulu loyamba lija, gulu la ongouzidwa, ndipo ngakhale kuuzidwako n'kwa apo ndi apo. Maphunziro athu a kadyedwe anamangidwa pa njala ndi pa mwana, ndipo pa ntchito imeneyo achita zambiri zoyamikika: Likuni Phala, chiponde, kuyamwitsa mwakathithi, masiku 1,000 oyamba. Koma m'maphunziro onsewa mayi amaoneka ngati wophikira wina. Ali woyembekezera timamukweza pasikelo chifukwa cha amene ali m'mimba. Akabereka, sikelo imakhala ya mwana, iye n'kungokhala womunyamula. Amabwera miyezi itatu iliyonse kudzabayitsa jakisoni wolera, amene amayi ena amanenepa naye, koma nthawi yokambirana za mbale yake palibe. Tidzamuonanso bwinobwino ali ndi zaka 45, pamzere wa odwala shuga.

Magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja, amene mwana wa pulayimale aliyense amawatchula pamtima, ndi chida chabwino cholimbana ndi kudya chinthu chimodzimodzi. Koma amawerenga magulu, sayeza kuchuluka, ndipo sasiyanitsa chabwino ndi choipa m'gulu limodzi. Mgaiwa ndi mandasi zonse ndi zokhutitsa. Mapeyala ndi mafuta akuda a pachiwaya, amene akazingira tchipisi kuyambira Lolemba, zonse ndi zamafuta. Usipa ndi soseji zonse ndi zanyama. Mayi atha kukwanitsa magulu anayi ndi tchipisi, soseji, kabichi wodzaza supuni imodzi ndi mafuta, n'kumadziona kuti wakhoza mayeso.

Pali chinthu china chimene sitikonda kuchikamba. Kuyambira mu 2012 shuga wa m'dziko muno amathiridwa vitamini A. Cholinga chinali chabwino, ndipo pamodzi ndi njira zina vuto la kuperewera kwa vitamini ameneyu mwa ana aang'ono linatsika kuchoka pa 59 peresenti mu 2001 kufika pa 4 peresenti mu 2016. Sindikunena kuti tisiye. Koma uthenga umene unatsalira m'makutu mwa anthu ndi wakuti shuga ndi chakudya chopatsa thanzi, ndipo palibe amene anabwera pambuyo pake ndi mawu amphamvu ofanana nawo kudzanena kuti masipuni anayi m'kapu imodzi ndi ochuluka. Boma limene linakhoza kuika vitamini m'paketi ya shuga lingakhozenso kuika chenjezo papaketi yomweyo.

Tisaiwalenso mantha. Amene tinaona zaka za m'ma 1990 tikukumbuka mmene kuonda kunalili chiweruzo. Munthu akangotsika thupi anthu ankayamba kunong'onezana za kaliwondewonde, ndipo manong'onong'o amenewo sanathe. Mayi amene watsitsa makilogalamu asanu amafunsidwa ndi apongozi ake ngati kunyumba kuli mtendere, anzake a kumsika n'kumamuyang'ana m'mbali. Alipo atsikana amene amagula mapiritsi onenepetsa pofuna kuti asanenedwe. Mlangizi amene salankhulapo za mantha amenewa akungotaya malovu. Komanso kuyambira mu 2019 anthu ambiri amene ali pa ma ARV m'dziko muno anasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, mankhwala amphamvu ndi abwino, koma amene kafukufuku wa ADVANCE ku Johannesburg anaonetsa kuti amanenepetsa, makamaka amayi. Palibe amene ayenera kusiya mankhwala ake chifukwa cha zimenezi, ndibwereze, palibe. Koma mayi amene akulandira mankhwalawo ali ndi ufulu wouzidwa, woyezedwa chiuno, ndi wothandizidwa pa kadyedwe pamalo pomwepo pamene akulandirira botolo lake.

Ndikudziwa chimene ena anene. Dziko limene mu Malichi 2024 linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28 lingamataye nthawi ndi anthu onenepa? Funsoli likumveka lanzeru, koma likuganiza kuti wanjala ndi wonenepa ndi anthu a mayiko awiri. Nthawi zambiri ndi munthu mmodzi pa misinkhu iwiri. Mwana amene anapinimbira ali wamng'ono, akadzakula n'kupeza chakudya cha shuga ndi mafuta, amakhala pachiopsezo chachikulu cha shuga ndi BP. Umphawi womwewo umene umamana mwana dzira ndi umene umachititsa mayi ake kukhuta zitumbuwa ndi thobwa lothira shuga, poti ndi zimene ndalama yake ingafikire. Ndipo matenda a shuga sachira ngati malungo. Ndi mankhwala a moyo wonse, maso ochita khungu, miyendo yodulidwa, impso zofuna makina amene m'dziko muno ndi owerengeka. Dziko losauka ndi limene liyenera kuopa kwambiri matenda okwera mtengo chotere.

Ena adzati kuphunzitsa n'kopanda pake ngati chakudya chabwino chili chodula. Apa ndiwavomereza theka. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nsomba, mazira ndi zipatso zinathawa m'mbale za anthu ambiri a m'tauni. Mayi wogulitsa kaunjika amachoka kunyumba kusanache n'kubwerako kutada, ndipo chimene chili pafupi ndi benchi yake ndi chiwaya. Nyemba zimadya makala, makala amadya ndalama. Mlangizi amene sadziwa mtengo wa kathumba ka makala asamalangize za nyemba.

Koma theka linalo ndi lathu, ndipo ndi pamene ndimapsa mtima. Chakudya chimene asayansi amati chimachepetsa kutupa kwa mkati sitiyenera kuchiitanitsa ku Italy. Nandolo, khobwe, nzama, nyemba. Bonongwe, chisoso, luni, nkhwani, kholowa, chigwada, mfutso wa m'chilimwe. Nsinjiro m'malo mwa mafuta odzaza chikho. Usipa ndi matemba zodyedwa ndi minga yomwe. Magwafa, mapapaya, masuku, malambe, mango a m'nyengo yake amene amaolera pansi. Zambiri mwa izi ndi zotsika mtengo kuposa buledi ndi majarini. Chimene chikuzichotsa m'mbale si mtengo wokha, ndi kunyoza. Tinaphunzira kuti bonongwe ndi ndiwo za wosauka, kuti mlendo sungamuphikire chisoso, kuti ndiwo zikapanda kusambira m'mafuta ndiye kuti mayi wa pakhomopo ndi woumira.

Nkhani ya mgaiwa ndiye imaonetsa bwino misala yathu. Timatenga chimanga, kuchikonola, kuchiviika masiku angapo, kuchitsuka, kuchiyanika, kenako kuchigayitsa. Ntchito yonseyi, ndi ndalama ziwiri za kuchigayo, n'cholinga chochotsa gaga ndi kamtima ka chimanga, m'mene muli zakudya zambiri zofunika m'thupi. Gagayo timapatsa nkhuku ndi nkhumba, ndipo zimanenepa bwino ndithu. Ife timatsala ndi ufa woyera chabe. Gaga ndi zotsalira za masamba ndi nyemba ndi zimene tizilombo tabwino ta m'matumbo timadya, ndipo tikadya timapanga zinthu zoziziritsa kutupa kuja. Koma mgaiwa tinaupatsa dzina loipa: nsima ya kundende, ya kusukulu yogonera komweko, ya chaka cha njala. Mlangizi wanzeru sakanati "chepetsani nsima". Akanati: sinthani ufa, mitanda itatu ikhale iwiri, ndiwo zamasamba zichuluke kuposa nsima, ndipo soda amene mumathira m'masamba kuti afewe msanga mumusiye chifukwa amapha mavitamini. Amenewo ndi malangizo oti munthu angawagwire ndi manja.

Ndipo malangizo amenewa asapite kwa mayi yekha. M'nyumba zambiri wokana mgaiwa ndi bambo. Ndi iye amene amakankha mbale n'kufunsa ngati ndalama ya kuchigayo inatha. Ndi iye amene amabwera ndi botolo la malita awiri la chakumwa pa tsiku la malipiro monga chizindikiro cha chikondi. Kuphunzitsa mayi n'kumusiya akalimbane yekha ndi mwamuna, apongozi ndi ana ndi kumutuma kunkhondo wopanda chida.

Malo amene alangizi enieni asiya opanda munthu, amalonda alowamo. Tsegulani Facebook kapena WhatsApp muone: tiyi wochepetsa mimba, malamba omanga pamimba, timabotolo "totsuka m'thupi". Zambiri mwa izi zimangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa, munthu n'kutaya madzi, mafuta ali pomwepo. Mayi amalipira ndalama yoti akanagulira nyemba za mwezi wathunthu. Musamuseke. Wogulitsa tiyi uja amamuyankha uthenga usiku, amamufunsa mmene zikuyendera, amamulimbikitsa. Akuchita mwachinyengo chimene a zaumoyo analephera kuchita moona.

Chomvetsa chisoni n'chakuti njira zoperekezera amayi tili nazo kale. Alangizi a zaumoyo ali m'midzi ndi m'makwalala. Magulu a amayi ophunzitsana za kadyedwe ka ana alipo. Banki mkhonde imakumana sabata iliyonse popanda woikakamiza. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika, a m'mipingo ina ndi a kumzikiti amasonkhana mokhulupirika kuposa komiti ya boma iliyonse. Chimene chikusowa ndi chakuti wina aike nkhani ya thupi la mayi mwiniyo pamndandanda wa zokambirana, apereke tepi yoyezera chiuno ndi makina a BP, ndipo abwerenso mwezi wamawa, ndi winawo, mpaka chaka chithe. Aphike limodzi, alawe limodzi nsima ya mgaiwa ndi nkhwani wotendera, awerengere limodzi masipuni a shuga. Sindikupempha kuti mayi aliyense ayezedwe CRP. N'zodula, ndipo kuno malungo okha amaikweza mpaka kusokoneza chithunzi chonse. Tepi ndi yokwanira poyambira. Ophunzira za kadyedwe amene amatuluka ku koleji ya Bunda chaka ndi chaka, ambiri n'kumangoyenda ndi makalata ofunsira ntchito, ndi amene angaphunzitse alangiziwo.

Boma lilinso ndi mbali imene mlangizi sangaigwire. South Africa, kumene kafukufuku wa 2016 anapeza kuti amayi 68 mwa 100 ali ndi thupi lopitirira muyeso, inayamba kudula msonkho wapadera pa zakumwa za shuga mu Epulo 2018, ndipo makampani ambiri anachepetsa shuga m'zakumwa zawo pothawa msonkhowo. A ku South Africa anadikira mpaka vuto litafika pamenepo. Ife tinali pa 21 mu 2015 ndi 2016, mwina taposerapo tsopano, ndipo tikuyenda msewu womwewo.

A Unduna wa Zaumoyo, lembani mayi wonenepa m'ndondomeko zanu za kadyedwe monga munthu wofunika chithandizo payekha, osati monga wophikira mwana. Ikani kuyeza chiuno ndi uphungu wa kadyedwe kusikelo, kolera ndi kolandirira ma ARV, ndipo muike ndalama yoti mlangizi azibwereranso kwa mayi yemweyo mwezi ndi mwezi. Inu anamwino ndi madokotala, ngati mulibe mphindi zisanu zomufunsa mayi chimene wadya dzulo kuyambira m'mawa mpaka usiku, mutumizeni kwa amene ali nazo, koma mawu oti "chepetsani nsima" musawatchenso uphungu.